Tsiku Limene a Chikhalire Anaimirira

Amuna anga ndi phungu wa nyumba ya malamulo, koma mukafunsa atolankhani kuti mawu awo amamveka bwanji, angokupukusirani mutu. Chilowereni m'nyumbamo anali asanaimirirepo kuti alankhule. Anzawo anawapatsa dzina loti a Chikhalire, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Ankanamizira msana. Ine mkazi wawo ndikudziwa kuti msanawo umawawa pokhapokha pakabwera nkhani yoti ingawadanitse ndi munthu.

Akulu anga nawonso ndi phungu, koma wa chipani china, ndipo iwo ndiye sapsatira mawu. Chaka chino anakonza bilu ya mfundo zitatu: kutsitsa msonkho wa ochita timalonda ting'onoting'ono, kulanda katundu wa anthu obera boma mwachinyengo, ndi kuletsa boma kugulira aphungu magalimoto atsopano pamene m'zipatala mulibe mankhwala. Pa ziwiri zoyambazo aliyense ankawomba m'manja. Itamveka yachitatuyo, ngakhale a chipani chawo anayamba kuwazemba m'makonde ngati ali ndi chifuwa chopatsirana.

Tsono m'nyumba imeneyo, phungu akabweretsa bilu yake pamafunika wina woimirira kuivomereza. Akasowa woteroyo, biluyo imafera pomwepo osakambidwa n'komwe. Akulu anga anagogoda khomo lililonse, ndipo lomaliza linali lathu.

Anabwera Lamlungu masana. Amuna anga ali ndi chizolowezi chimodzi chimene sachiphonya: alamu awo akangolowa, amadzuka pa mpando wawo wa ndalema n'kuwapatsa, uku akunena kuti iwo amaimirira anthu awiri okha, a Sipikala ndi alamu awo. Tsiku limenelo anateronso. Koma nkhani ya bilu itayamba, anatembenukira ku tiyi, kenako ku foni, kenako anadandaula kuti mkulu wa chipani wawaopseza onse.

"Alamu, za kuntchito tizisiye kuntchito," anatero.

Akulu anga anachoka tiyi ali m'kapu. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Ndine namwino, ndipo pakamwa panga panatopa ndi kuuza anthu kuti akagule okha mankhwala. Sindinakangane nawo amuna angawo. Ndinangowauza kuti tsiku la biluyo ndikakhala m'mipando ya alendo, m'mwamba muja, ndikaonere mmene amagwirira ntchito.

Ndinakakhaladi. Pansi panga panali mizere ya mipando yachikopa, timabotolo ta madzi, ndi maikolofoni okhala ndi kanyali kofiira. Akulu anga analankhula bwino, mawu osanjenjemera. Atatha, a Sipikala anafunsa ngati pali woivomereza biluyo. M'nyumba monse munangoti zii. Wina anawerama kumanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale. A Sipikala anafunsanso. Amuna anga anali akuyang'anitsitsa cholembera chawo ngati sanachionepo.

Akulu anga anayamba kusonkhanitsa mapepala awo, ataiwala kuti kanyali kofiira kaja kakadali koyaka. Anayang'ana tsidya linalo n'kunong'ona mwa iwo okha.

"Alamu, inunso?"

Mawuwo anatuluka m'masipika onse. M'nyumba imeneyo amatchulana kuti olemekezeka, za ulamu amazisiya pageti, ndiye phwete linabuka mbali zonse. Koma pakati pa kusekako, ndinaona mutu wa dazi umene ndimaudziwa bwino ukukwera. Kaya inali miyendo yozolowera kudzukira alamu, kaya unali mtima, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Chikhalire anali chilili, ndipo ooneka odabwa kwambiri anali iwo omwe.

A Sipikala anavula magalasi. "Olemekezeka, mwaimirira kuti muvomereze biluyi, kapena mukuwongola msana?"

Anthu anasekanso. Amuna anga anayang'ana mkulu wa chipani chawo, amene anali atatuzula maso. Kenako anakweza nkhope n'kundipeza m'mwamba muja.

"Msana wawongoka kale, a Sipikala. Ndikuivomereza. Mkazi wanga ndi namwino, ndipo ndatopa kumuona akubwera kunyumba atabweza mwana wodwala chimanjamanja. Galimoto yanga yakale ikuyendabe."

Sindichita manyazi kunena kuti ndinalira. Biluyo inapita ku komiti, kumene ikukambidwa mpaka pano, ndipo akulu anga akuti amene ankawazemba aja ayamba kuwapatsa moni.

Titatuluka, tonse atatu tinalowa m'galimoto yakale ija, yotamandidwa pamaso pa dziko lonse. Amuna anga anapotokola kiyi, iyo n'kungotsokomola. Anapotokolanso, zii. Akulu anga anavula nsapato zawo zazitali, natsika, ine pambuyo pawo. Tili mkati mokankha, ndinamva manja ena akugwira buti pambali panga. Anali bambo womanga chingwe cha nsapato uja, ndi mnzake wa chipani cha amuna anga, majekete ali paphewa.

Amuna anga anatulutsa mutu pawindo.

"Kankhani ndithu, alamu. Lamulo lake ndi lanu lomwe."