Mirriam Akana Kuchotsa Mutu Wachinayi

Foni inalira Mirriam akukumba mbatatesi m'munda wa bambo ake ku Mlangeni. Anali Pulofesa, woyang'anira maphunziro ake ku Joni, kumene Mirriam ankafufuza za milalang'amba, magulu a nyenyezi akutali kwambiri.

Pakatikati pa milalang'amba ina pali timalo ting'onoting'ono totulutsa mafunde amphamvu a wailesi. Kwa zaka makumi awiri Pulofesayo ankaphunzitsa kuti titatu mwa timaloti n'tokalamba, tinapanikizika ndi mpweya wochindikala ndipo sitidzakulanso. Koma Mirriam atayerekeza zithunzi za 2005 ndi za 2018, anapeza kuti nsonga ziwiri za kalikonse mwa titatuto zikutalikirana. Tinali tatsopano, tikukula. Zimenezi anazilemba m'mutu wachinayi wa buku la digiri yake.

"Uchotse mutu wachinayi m'buku lako," anatero Pulofesa. "Masamu walakwitsa. Ukapanda kutero, ine sindisaina."

Mirriam anakhala pamzera, khasu lili pamiyendo. Bambo ake, a Fyson, amene anagwirako m'migodi ya golide zaka zisanu ndi zinayi, anamufunsa chavuta. Iye anafotokoza zonse.

"Wayeza kangati?"

"Kasanu, bambo."

A Fyson anatsokomola, nalavula. "Ine kapitawo anandiuza kuti denga la mgodi n'lolimba. Nditaligogoda ndi chitsulo linalira ngati mgolo wopanda kanthu. Ndinakana kulowa. Anandichotsa ntchito tsiku lomwelo."

"Ndiye linagwa?"

"Kaya. Ine ndinali kale pa ulendo wobwerera kuno."

Mirriam anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, manja ali dothi lokhalokha, naimbanso.

"Pulofesa, mutuwo sindichotsa. Ngati ndalakwitsa, mundionetse pamene ndalakwitsapo."

Foni inadulidwa.

Pulofesa sanasaine. Anzake a Mirriam anavala mikanjo ya omaliza maphunziro chaka chimenecho, iye ayi. Anabwerera ku Joni, napempha kuti madishi akuluakulu omvera mafunde a kuthambo aloze timaloti kachikena. Anadikira miyezi isanu ndi iwiri, ena m'dipatimenti akumuthawa ngati wamphere.

Zithunzi zitabwera, kamodzi mwa titatuto kanali chikhalire. Chithunzi chakale ndicho chinamusocheretsa, ndipo zinamuwawa, koma analemba yekha patsamba loyamba kuti pamenepo Pulofesa ananena zoona. Nsonga za tiwiri tinato zinali zitatalikirananso, monga momwe iye anawerengera.

Pulofesa anasaina osamuyang'ana kumaso. Mirriam anathokoza mwaulemu, kenako anaika patebulo pepala lina: pempho loti ayezenso timalo tina khumi ndi tiwiri timene Pulofesayo ankatinso n'tokalamba.