Mabatire Oyanika Padzuwa

A Lenard Filipo, mphunzitsi wamkulu, anali akutembenuza mabatire anayi pa lata padzuwa pamene Esteri Sungani, mphunzitsi mnzawo, anasuzumira pakhomo la Sitandade 8.

"Ahedi, nthawi ya Chingerezi yakwana. Apsa makaka anuwo?"

"Musandiseke, mayi. Tengani, mwina lero atifikitsa kumapeto."

Mabatirewo anali a wailesi imene boma linapereka kusukulu yawo, kufupi ndi Limbuli, kuti ana azimvera maphunziro ochokera ku Blantyre. Koma za mabatire boma linangoti zii. A Filipo anadandaula ku komiti ya makolo mpaka kutopa, ndipo yankho linali lomwelomwelo: anthu angogula kumene makadi a chipani, nako ku esiteti ya tiyi ntchito yachepa. Ndiye ankangoyanika akale omwewo, kuwamenyamenya ndi mwala kuti afinye kamoto kotsala.

Tsikulo phunziro lisanafike pakati, mawu anayamba kuzilala. Ana makumi asanu ndi limodzi anatchera khutu, koma kunkangomveka phokoso ngati mvula padenga.

"Potokolani pang'ono, mwina imveka," anatero a Filipo ali chiimire pakhomo.

Esteri anapotokola kabatani kosakira siteshoni. Mwadzidzidzi kunatulukira mawu amphamvu a wailesi yakunja, mwamuna akulankhula Chinyanja chomveka bwino, akutchula anthu otsekeredwa m'ndende popanda mlandu. Esteri anathimitsa msanga, koma ana anali atamva kale. Nanga mwana n'kumutseka pakamwa? Pofika madzulo nkhani inali ponseponse, mpaka pachigayo.

Lachinayi kunafika galimoto. Munatsika a Lackson, tcheyamani wa chipani m'deralo, ndi amuna awiri osadziwika amene sanapereke moni. Anakhala mu ofesi ndi a Filipo, chitseko n'kutseka.

"Aphunzitsi, ife sitinabwerere zambiri," anatero a Lackson. "Wailesi ya boma ikuphunzitsa ana kuukira boma. Tikufuna dzina limodzi. Maganizo amenewa anali a ndani?"

"Bwana, vuto ndi mabatire. Akafooka, ya ku Blantyre imathawa..."

"Mabatire sitingawakweze m'galimoto. Dzina."

Kunatsala chaka chimodzi kuti a Filipo apume pantchito, ndipo kunyumba kunali ana asanu ndi mmodzi, wamkulu ali ku sekondale. Ankadziwa bwino lomwe amene analamula kupotokola. Mantha anawagwira, mantha enieni ochititsa manyazi munthu wamkulu.

"Ine ndinali panja," anatero chapansipansi. "Wailesi inali m'manja mwa mayi Sungani."

Anakamuitana. Esteri analowa choko chili m'manja, nagwada mwaulemu. Atamuuza mlandu wake anatembenuka kuyang'ana a Filipo, kudikira kuti anenepo kanthu. Iwo anangoti maso pa tebulo.

Esteri sanalire, sanatsutsenso. Anaika choko patebulopo, napukuta manja pa chitenje.

"Ahedi, mwana wanga ali kwa mayi Alefa kuseri kwa tchalitchi, ndipo akadayamwa. Mukawauze kuti amupatse phala lamadzimadzi, lolimba limamutsamwa."

"Ndikanena," anayankha a Filipo.

Galimoto itapita ndi Esteri, a Filipo analowa mu Sitandade 8 kuti akawauze ana kuti aziwerenga okha. Anawo anaimirira monga mwa masiku onse, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapereka moni. Onse analipo tsiku lija, ndipo anamva amene anati potokolani.