Mkungudza wa Pauline

Pauline anadula mtengo wa Khirisimasi msanga, ndipo anthu a ku Biriwiri anamuuza ndithu. Koma mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni samva zonena anthu. Goliati, wobwera kumene kumigodiko, anali atanena kuti mwamuna wakeyo, Thomas, afika Khirisimasi isanakwane. Thomas yemweyo ulendo watha ankangosimba za mitengo imene azungu amaimika m'nyumba, amvekere, "Tsiku lina ndidzaupeza kwanga."

Pauline anazungulira phiri lonse, uwu wopindika, uwo ungaboole denga. Anasankha mkungudza womufika m'mapewa, wonunkhira bwino, nauimika m'ndowa ya mchenga wonyowa. Anaupachika thonje ndi timapepala ta maswiti topempha kusitolo kwa a Saiti. Mbuzi anaimanga kutali. Mwana wake Ida anauzidwa kuti aziona ndi maso basi.

Komatu mtengo wopanda mizu sudikira munthu. Khirisimasi inafika, inapita. Basi ikalira pamsewu, Pauline ankaponya khasu, kuthamanga, kubwerera, kuthira madzi m'ndowa imene wathiramo kale. Mtima sunali m'malo. Ankaopa kuti Thomas adzapeza mtengo wouma ndi kuganiza kuti mkazi wake anatopa kudikira. Nthambi ikangoyamba kufota, iye ankaidula n'kukaitaya kumphambano kuti asamaione. Pofika chaka chatsopano, mtengowo unali ngati nkhuku yososola. Pauline, mayi wamkulu ndithu, anaiwala zimene ngakhale mwana amadziwa, kuti nthambi zamasamba panjira zimalengeza maliro.

Masana ena anatsika ndi nthambi zina. Pamphambanopo anapeza munthu atakhala pa sutikesi, chipewa chili m'manja, maso ali pa nthambi zimene mphepo inamwaza panjira yopita kwawo.

"Bambo a Ida!"

Thomas sanaimirire. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu muli moyo, make mwana. Ndiye ndi ndani? Amayi kapena Ida? Ndiuzeni pompano. Ndatsika basi kalekale, koma ndikuopa kukwera kunyumba."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira Pauline. Nthambi zinagwa m'manja.

"Palibe wamwalira, bambo. Ndi mtengo wanu uja."

Thomas anangopukusa mutu, poti anthu amanena choncho pobisa uthenga woipa mpaka munthu afike pakhomo. Pauline anatembenukira kumtunda, nakuwa ndi mawu ake onse kuitana Ida. Mwamunayo anakhalabe pa sutikesi paja mpaka anamva mwana akuyankha.