Mbale za Malemu Hopeton

Tandiuzani inu ophunzira: kanthu kakuda bii, kamchombo pakati. Ukakabaya ndi singano sikatuluka magazi, kamangoyamba kuimba. Kamathamanga tsiku lonse koma osachoka pamalo. N'chiyani? Mwagwira pakamwa eti? Musavutike kundibayira ng'ombe, kuno ku Tottenham timagona pa nyumba zosanja, khola ndilibe. Ndi mbale ya nyimbo imeneyo. Mlongo wanga Hopeton anatisiyira zoterezi chipinda chathunthu, ndipo zinatsala pang'ono kutiyambanitsa maluwa a pamanda pake asanafote.

Ransford, mkulu wake wa malemuyo, anali atalowa kale m'chipindamo ndi makatoni, jekete la pamaliro lili m'thupi, unyolo wagolide ukusewera pamimba. Galimoto yobwereka anali ataiimika pakhomo penipeni.

"Alamu, musadandaule," ankauza Verna, mkazi wa malemu, yemwe anaima pakhomo atanyamula mbale yeniyeni, ya mpunga wa nyemba. "Pofika madzulo muliona khoma lanu lomwe simunalionepo chikwatiwireni."

"Zichoke," anatero Verna. "Mkazi mnzangayu ndapirira naye zaka zonsezi. Mwamuna wapita, nayenso azipita kwawo."

Mbalezo ndiye ankazitcha mkazi mnzake. Zinali za jango, nyimbo zija ng'oma zake zimathamanga ngati wakuba akumuthamangitsa, koma mdidi wake ukuyenda pansi mwaulemu, ukugwedeza makapu m'kabati. Hopeton anayamba kuzitola ali mnyamata, nthawi ija mawailesi obisala pamadenga ankaziulutsa apolisi akuwasaka. Mkati mwa sabata ankayendetsa basi. Loweruka ankalowa timasitolo ta ku Hackney, mutu uli m'mabokosi ngati galu pa dzala. Zambiri zinalibe ndi dzina lomwe, kapepala kapakati kali mbee. Zina ankachita kukanda yekha kuti anzake asasuzumire n'kukagula yomweyo. Ankazidziwa ndi khutu basi.

Mwana wawo yekhayo, Kemisha, anali atakhala pansi pakona, mbale imodzi ataigwira m'mphepete ndi zikhatho monga anamuphunzitsira bambo ake.

"Amayi, zikhale kaye. Ndipeze malo."

"Malo ake ati? Kachipinda kako ka ku Leyton kaja, ukayetsemula umagunda khoma?"

"Ankolo akazigulitsa. Imodziimodzi, kwa anthu osamudziwa n'komwe."

"Ine kugulitsa?" Ransford anadzigwira pachifuwa. "Mwana iwe, wandilasa."

Tonse tinayang'ana pansi. Uyu ndi munthu amene anagulitsa suti ya ukwati wake ukwatiwo usanathe ndi mwezi womwe.

"Bambo akowo jango anaidziwira kwa ine," anapitiriza. "Ine ndikafika pa holo, alonda ankachita kupatuka. Oimbitsa mbale ankandifunsa ine kuti, akulu, tiike iti? Hopeton ankangondinyamulira chikwama."

"Achimwene," ndinatero ine, fupa la mbuzi lili m'manja, "si inu munkabwerako msanga mukuti phokoso lakudzutsirani dzino?"

"Achemwali, inu idyani mbuzi yanuyo. Zanu ndi za kwaya."

Verna anapuma mozama. Maso ake anali otupa, analibe mphamvu zoweruza milandu. "Zipite kwa wozidziwa," anatero. "Mwiniwake akanafuna choncho."

Kemisha anayang'ana mbale yake ija. Mwanayu anakulira pansi pa masipika a bambo ake, anayamba kugwedeza mutu asanamere mano. Koma anangoikumbatira pachifuwa. Ransford anaona kuti njira yayera.

"Ine sindichita kumvera. Ndikangoona mizere yake ndadziwa." Anasolola imodzi yopanda dzina, naipendeketsa chakuwindo, diso limodzi atatsinzina ngati wogula nsomba. "Eya! Iyi! Iyi inagwetsa pulasitala pa holo ina ku Dalston. Ndinalipo ine, fumbi lake linandigwera m'mutu muno. Bwerani nonse mumve!"

Abale amene anali pabalaza anadzazana pakhomo, ena makapu a mowa wa ramu ali m'manja. Ransford anaiika mbale ija pamakina, nagwetsa singano.

Abale anga, chimene chinatuluka! Ng'oma zinkabwera zikudzikoka, du... du... ngati munthu wokwera masitepe atasenza firiji. Panali mawu a woimba wina, ooneka kuti anali a mkazi, koma anatuluka ngati nkhalamba ikuyasamula m'mgolo. Ransford anatsinzina, nayamba kugwedeza mapewa pang'onopang'ono, milomo ataitulutsa.

"Mwamva? Kuzama kumeneko! Ana a lero izi sangazimvetse."

Kemisha anadzuka, pakamwa atatsegula kale. Ndinamutsina pantchafu.

"Khala pansi," ndinamunong'oneza. "Asiye ankolo ako avine kaye."

Ali mkati movina, pansi pa mapazi athu panamveka gu! gu! gu! Kenaka gu! gu! gu!

"Mwaona?" anatero Verna. "Anthu a pansi. Manyazi otani awa, pa nyumba ya maliro!"

Asanafike pozimitsa, chitseko chinagogodedwa. Anali Mayi Androulla a nyumba ya pansi pathu, mayi wamasiye wa ku chilumba cha Kupro, wamfupi ngati mtondo, atavala zakuda, masilipasi kumapazi, tsache lili m'manja. Kumaliro sanapite chifukwa cha miyendo, ndiye masitepe amenewa anawakwera bwanji, kaya. Makutu awo anapuma ntchito kalekale. Ukawapatsa moni amakuyankha za kudula kwa anyezi.

"Pepani mayi, tizimitsa!" anakuwa Verna.

"Ndani akuikoka chonchi?" anakuwa iwo moposa. "Mwaika mwiniwake, mukufuna muikenso nyimbo yake?"

Anatidutsa tonse ngati mipando, nalunjika pamakina ngati m'nyumba mwawo. Makina amenewa ali ndi mabatani awiri a liwiro, 33 ndi 45. Masiku a maliro tinkaimbirapo mbale za Verna za kutchalitchi, zoyenda modekha pa 33, ndipo panalibe anabwezera. Mbale iyi inkafuna 45. Mayi aja anatambasula chala chokhota, nadina.

Nyimbo inadzambatuka ngati yathiridwa madzi ozizira. Ng'oma zinabalalika, kuthamangitsana, kugubudukirana, nkhalamba ya m'mgolo ija inasanduka mtsikana wa mawu okoma ngati uchi, mdidi unalowa m'mimba mwathu. Hopeton yemweyo, ngati walowa pakhomo ndi yunifolomu yake ya basi. Ransford inamupeza mwendo uli m'mwamba, akadali pa gule wake wa firiji.

Woyamba kuphulika anali msuweni wina pakhomo, ramu n'kumutulukira m'mphuno. Kenaka nyumba yonse.

"Achimwene," ndinatero, "pulasitala uja anagwa ndi tulo eti?"

"Ndimakuyesani dala! Ndimafuna ndione ngati..."

"Wogontha wamva ali nyumba ina, inu a makutu awiri ndi unyolo muli pomwepo!" ndinamudula.

Verna anayesa kubisa nkhope m'mpango, koma mapewa anamuulula. Anaseka mpaka kukhala pa katoni, katoniyo n'kuphwanyika, ndiye kunali kuseka kwinanso. Chimwalirireni mwamuna wake, mano ake tinali tisanawaone.

Atapukuta misozi anawagwira dzanja mayi aja, nawayandikira kukhutu. "Inu nyimbo zimenezi mwazidziwira kuti?"

"Kwa mwamuna wako, kwa ndaninso?" Anatsamira tsache lawo. "Atamwalira wanga, m'nyumba mwanga munali zii ngati m'botolo. Tsiku lina ndinamva mpando ukunjenjemera, ndinamenya denga ndi tsacheli. Anatsika kudzapepesa, mwana waulemu. Ndinamuuza kuti, usapepese, chimwalirireni bamboyo ichi ndi chinthu choyamba kugwedezeka m'nyumba muno. Basi. Lamlungu lililonse iwe ukapita kutchalitchi, ankagoneka chisipikacho chafufumimba pansi apa, ine kunsi ndili pampando, dzanja pakhoma. Makutu alibe ntchito, ndimamvera m'mafupa. Ikandikomera ndimamenya denga, iye n'kuibwezera poyamba."

Verna anayang'ana Kemisha. Kemisha nayenso anali asakuzidziwa, anangogwira pakamwa.

"Ndiye ine ndikamapemphera kuti phokosoli lithe," anatero Verna pamapeto pake, "kuno linali ndi mpingo wake."

Anayang'ana mashelefu a mbalezo kuyambira pansi mpaka kudenga, nthawi yaitali.

"Alamu, makatoni anuwo pindani. Kemisha, Lamlungu uzibwera. Mkazi mnzangayu akhale, poti ali ndi odwala ake."

Ransford anatsegula pakamwa, nayang'ana tsache lija, natsekanso.

"Miyendo yanga yatopa," anakuwa Mayi Androulla. "Ndikukakhala pampando wanga. Muiyambire poyamba, andionongera."

Msuweni uja anawaperekeza pamasitepe. Kemisha anagwira chisipika chija, chachitali kufika m'chiuno, koma sichinasunthe.

"Ankolo akatswiri, tagwirani uko."

Ransford anavula jekete mwakachetechete. Awiriwo anachipendeketsa, nachigoneka pansi mosamala ngati mwana wogona, kukamwa kwake kutayang'ana kwa mayi aja. Kemisha anapukuta manja pasiketi, naika chala pambale, naizungulitsa chobwerera mpaka inalira fwiii, kenaka anaisiya. Ng'oma zinayambanso, tsopano zikutikwera kuchokera ku zidendene. Verna anavula nsapato.

Sipanapite nthawi, gu! gu! gu!

"Akuti chiyani?" anandinong'oneza Ransford, akupukuta thukuta.

"Akuti yakoma," ndinatero. "Koma akutinso inuyo manja m'thumba, batanilo musaliyandikire."