Msana wa Achemwali

Ine dziko ndaliyenda. Ndinayamba ndi matayala akale anayi m'mbali mwa msewu, lero malole anga khumi ndi awiri amadutsa malire asanu, ndipo pachipata chilichonse amandidziwa ndi kasekedwe kanga. Ndagonapo m'mahotela oti chitseko chimatseguka chokha chikakuona. Tsono Achemwali atagwa ndi sitiroko, mbali yakumanja n'kuuma, lilime n'kulemera, ndinati mlongo wanga sangasungidwe pamalo wamba.

Ndinayendera nyumba zisanu ndi imodzi zosamalira anthu olumala. Ndinasankha ya zitseko zagalasi. Amayi oyang'anira anandionetsa pepala lopachika kumiyendo kwa bedi.

"Munthu wosatha kudzitembenuza timamutembenuza maola awiri alionse, kuopa zilonda. Tikatero timachonga apa. Kuno sitibisa kanthu, bwana."

"Mayi, ine ndaona zipatala za kunja," ndinatero. "Izi ndiye zake."

Loweruka lililonse teni koloko ndinkafika n'kuliza hutala katatu pageti, kuti adziwe kuti mwini munthu wabwera. Ndinkawapeza Achemwali pa njinga yawo ya olumala, atavala diresi lomwe ndinawagulira kutsidya kwa nyanja, pilo kumbuyo, mafuta onunkhira chipinda chonse.

"Achemwali, mwasalalatu. Akukudyetsani chiyani anthuwa?"

"Msa... msa..."

"Musavutike? Ndivutika bwanji, inu munandilera ine?"

Sabata ina: "Msa..."

"Musachedwe? Loweruka ndili pano, ngati dzuwa."

Kenako ndinkawafotokozera za maulendo anga, za doko lomwe sitima zake n'zazitali kuposa tchalitchi. Iwo ankatseka maso. Ine ndinkati akumvetsera.

Lachitatu lina lole yanga inafa pafupi ndi nyumbayo. Galimoto yanga yaing'ono ndinamubwereka makaniko kuti akasake chitsulo, ine n'kuuyamba wapansi. Mlonda sanandizindikire n'komwe. Nthawi inali leveni koloko m'mawa.

M'chipinda munali fungo ngati la nyama yoiwalika mufiriji yozima. Achemwali anali chagada, maso kudenga. Ndinayang'ana pepala lija. Linali litachongedwa mpaka sikisi koloko madzulo, cholembera chimodzi, dzanja limodzi.

Mayi wokolopa, yemwe onse ankamutcha Nasopo, anatsamiritsa mopu kukhoma.

"Lero mwabwera opanda hutala, bwana."

"Pepalali likuti chiyani?"

"Pepala lisiyeni, afunseni eni thupi. Koma mudikire atsirize. Inu mukamalankhula mumapuma nthawi yanji?"

Munthu wina akanandiyankha choncho akanaona mbonaona. Koma ndinakhala pampando.

"Msa..." anayamba Achemwali.

Pakamwa panga panayabwa. Ndinaluma mlomo. Mitsempha ya pakhosi pawo inatuluka, malovu n'kutsikira kuchibwano.

"...na. Msana."

Tinawatembenuza awiri, ine ndi Nasopo. Nsalu inali itamatirira. Chilondacho chinali chachikulu ngati chikhatho changa, ndipo changa si chikhatho cha mwana. M'mbali munali mwakuda, pakati poyera. Choyeracho linali fupa.

Amayi oyang'anira anabwera akupukuta magalasi awo. Sananjenjemere.

"Osamalira ndili nawo awiri, odwala makumi awiri ndi atatu. Timachongeratu m'mawa kuti pepala lisakhale ndi mipata. Oyendera a boma akaona mipata amatilemba."

"Nanga Loweruka?"

"Loweruka timawamanga bandeji yatsopano, n'kuwaikira pilo. Nthawi mumatipatsa nokha."

"Munati simubisa kanthu."

"Pepala lili poyera, bwana. Mwalidutsa miyezi inayi."

Ndinakalipa. Mawu anga aja amene amaimitsa dalaivala ali kutsidya kwa msewu anamveka mpaka kukhitchini. Ndinatchula maloya, ndinatchula akuluakulu omwe ndinadya nawo patebulo limodzi. M'zipinda zina odwala anayamba kulira, ndipo Nasopo anandigwira mkono.

"Muwaopseza awa, alibe kothawira. Inu nyamulani munthu wanu."

Achemwali ndinawanyamula m'manja mpaka pageti, n'kuimitsa takisi. Anali opepuka ngati jekete.

Kuchipatala dokotala anati matenda alowa m'fupa. Anawachita opaleshoni kawiri. Panjinga sadzakhalanso posachedwa, anatero, mwina pakatha chaka, mwina ayi. Oyendera anapita kunyumba ija, ndipo ndamva kuti tsopano amachonga ndi zolembera zitatu zosiyana mitundu.

Achemwali ali pabalaza panga, pa bedi lomwe ndinaitanitsa kunja, labwino kuposa onse m'tauni muno. Amagona chafufumimba kapena cham'mbali. Maulendo ndinasiya. Maola awiri akakwana ndimawatembenuza ndekha, dzanja limodzi paphewa, lina m'chiuno, monga anandiphunzitsira Nasopo, yemwe ndinamulemba ntchito.

Ndi Nasopo amacheza. Ndimawamva ndili kukhonde, mawu amodziamodzi, nthawi zina mpaka kuseka. Ndikalowa ine amasiya. Ndimakhala pampando n'kufunsa ngati pakupweteka, kenako ndimadikira, mphindi khumi, theka la ola. Iwo amangoyang'ana khoma mpaka nthawi yowatembenuza itakwananso.