Sampa Sanayende

Nkhaniyi ndinaimva kwa a Suleiman, amene ali ndi kashopu kosindikiza mabuku m'tauni, kufupi ndi msika. Anandiimbira foni ndili m'minibasi, ndikuchokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa.

"Ba Kunda, Mulungu ni wamkulu," anatero mosangalala. "Nabelenga pa peji naini ati ba Sampa bayamba kuyenda."

Sampa, mwamuna wanga, ndinamusiya m'mawa womwewo ali pa njinga yake ya olumala, pomwe wakhala zaka zitatu chimugwireni sitiroko. Miyendo siyenda, ndipo mawu sanabwererenso.

Mpingo wathu wa ku Kabwata unali kukwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo akulu anagwirizana zotulutsa kabuku ka maumboni, kamene ankasindikiza ndi a Suleiman. Anandipempha kuti ndilembemo, poti aliyense amadziwa kuti ine ndi cholembera sitisiyana. Ndimalemba m'mawa uliwonse m'kope la ana asukulu, ndipo zonse ndimawerengera Sampa. Dzanja lake lamanzere likugwirabe ntchito. Akagogoda kamodzi pa chitsulo cha njinga, ndiye kuti ndalemba zoona. Akagogoda kawiri, ndakometsera. Masamba ambiri ndawang'amba chifukwa cha munthu ameneyu.

Umboni wanga unali wosavuta. Ndinalemba kuti tinapemphera, tinasala kudya, anamudzoza mafuta mpaka makolala a malaya ake onse anathimbirira, koma Sampa sanayende. Ndinalembanso kuti kunyumba kwathu timaseka, kuti Mulungu sanasamuke, ndi kuti ine ndine wosangalala ndipo sindikupepesa kwa aliyense. Sampa anagogoda kamodzi, ndinakapereka.

Vuto ndi lakuti kumpingo kwathu umboni umayenera kuthera pa galimoto, ntchito, ukwati kapena mwana. Ngati chinthucho sichinachitike, umachinena ngati chachitika kale. Amati ndiko kulankhula mwa chikhulupiriro. A Nicodemus, mkulu wa mpingo amene ankasonkhanitsa maumboni, anaona kuti wanga watha mopanda ulemu, ndiye anaumalizitsa okha.

Sindinapite kunyumba. Ndinatsika, ndinakwera minibasi ina mpaka ku Kabulonga, dera la anthu olemera, kumene a Nicodemus amakhala. Mlonda anandiyang'ana nsapato asananditsegulire geti. A Nicodemus ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi.

"Sininame, ba sista," anatero modekha nditawafunsa. "Nakamba mwa chikhulupililo. Umboni wanu unalibe mathelo. Bantu bazafooka."

"Manje Sampa akangena mu chechi pa wilicheya, bantu bali na buku kumanja, muzakamba chani?"

Anayika kapu pansi. "Sande iyo chabe, ba Sampa bangapumuleko ku nyumba."

Munthu amene anakhoma mabenchi a tchalitchi chimenecho ndi manja ake, lero abisidwe kuti buku lioneke bwino. Ndinawauza kuti achotse tsamba langa lonse, ndi dzina lomwe. Iwo anati ndikaganize kaye, mawu a akulu amakoma akagonera. Awo anagonera masiku atatu, koma anangosasa.

Sindibisa, mathero awo ndinawawerenga kangapo, pa chithunzi chimene a Suleiman ananditumizira. Anali okoma. Sampa akudzuka, akuponda pansi, ine ndikululutira. Ndinkafuna ndithu kuti akhale oona, ndipo ndinalira. Kenako ndinamuwerengera mwini wake. Anagogoda kawiri, mwamphamvu, mpaka supuni inagwa pa mbale. Nditamuuza zakuti akhale kunyumba Lamlungu, analoza jekete yake yakuda imene inali pa msomali.

Lamlungulo ndinamuveka jeketeyo ndi tayi. Msewu wathu ndi wa maenje, ndipo njinga ya Sampa ili ndi gudumu limodzi losamvera, lokonda kukhotera ku ngalande. Tinafika thukuta lili kamukamu, kwaya itayamba kale. Pakhomo ankagawa kabuku konyezimira, ndipo pa tsamba lachisanu ndi chinayi, m'malo mwa umboni wanga, panali chithunzi cha denga latsopano la tchalitchi. Ndinamukankha Sampa pakati penipeni mpaka kutsogolo, pafupi ndi mpando wa a Nicodemus.

Nthawi ya maumboni itakwana, panabwera wa galimoto, wa ntchito ya kubanki, ndi mayi wa mapasa. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba, chifukwa madalitso a mnzako si mlandu. Kenako ndinaimirira ndi kope langa. Palibe anandiitana, koma palibenso lamulo loletsa munthu wobatizidwa kuchitira umboni.

Ndinawerenga momwe ndinalembera. Za mafuta ndi makolala anthu anaseka. Pamene ndinafika pa mawu akuti Sampa sanayende, kuseka kunatha. Ndinapitiriza mpaka pamene ndinanena kuti ndine wosangalala.

A Nicodemus anali atafika kale pambali panga, akumwetulira ngati namwino wobwera ndi jakisoni. Anagwira maikolofoni pamwamba pa dzanja langa.

"Tithandize mlongo wathu kusiliza," anauza mpingo. "Ba sista, kambani mwa chikhulupililo. Kambani ati ba Sampa bayenda."

Sindinaitaye maikolofoniyo. "Sayenda, ba eluda," ndinatero. "Nimamupusha ine, kuchoka ku nyumba mpaka pano, Sande iliyonse, zaka zitatu. Na Mulungu amaziba. Ngati ici sicikhulupililo, ine sinizibako cina."

Panalibe amene anati amen. Woimba kiyibodi anachotsa manja pa makiyi. Ndinaima pamenepo ndi manyazi ndi ukali pamodzi, ndikuganiza kuti mwina ndamuyalutsa mwamuna wanga pagulu, chinthu chimene ndinabwera kudzakana. Ndinaopa kumuyang'ana.

Ndili choncho, ndinamva chitsulo cha njinga chikulira kamodzi kumbuyo kwanga. Ndinadikira kugogoda kwachiwiri, monga ndimachitira m'mawa uliwonse. Sampa anali atabweza kale dzanja lake pa bondo.