Maliro a Nanay pa Foni

Perlita Dumalagan anaweruka kuchipatala m'mawa, nalowa m'galimoto, koma sanailize. Anatsamiritsa foni pachiwongolero. Kwawo ku Iloilo kunali kutada, ndipo mlongo wake wamkulu, Rodel, ankayenda ndi foni kumuonetsa maliro a mayi awo: bokosi loyera pabalaza, maluwa, ndi azibambo akumenya makadi pansi pa tenti monga amachitira pamaliro alionse. Rodel ankangofunsa chimodzi, ngati achedwetse kuika kuti amudikire.

Tikiti ya ndege anali ataipeza, chongotsala n'kudina. Koma chipatala cha ku North Dakota chimene chinamulemba unamwino chinali chitamupemphera girini khadi, chiphaso chokhazikikira m'dzikomo, ndipo kubwera kwa mwamuna wake ndi ana awo awiri kunkadalira pomwepo. Loya anamuuza mosapsatira kuti akatuluka m'dzikomo chilolezo choyendera chisanabwere, pempho lonse lafa, akayambirenso kumchira kwa mzere. Anapepesa bwino loyayo, ngati munthu amene kupepesa ndiye ntchito yake.

Chinkamuwawa Perlita n'chakuti manja akewo anali atatseka maso a nkhalamba zambirimbiri za eni ake, kuzipesa tsitsi, kuzigwira dzanja mpaka mpweya womaliza. Nanay, mayi ake enieni, anatsirizika akumwetsedwa madzi ndi neba. Anadziona wosungulumwa kuposa tsiku limene anafika m'tauniyi osadziwa munthu.

Pawindo panagogoda Nenita, namwino wachikulire wa kwawo konko, amene anabwera kuno Perlita akadali kusukulu. Sanadikire kuitanidwa. Analowa ndi chipale chofewa kunsapato.

"Iwe, ukufuna uume ngati nsomba ya mufiriji? Liza galimotoyi tifundeko."

Ataona zimene zinali pafoni anachita chizindikiro cha mtanda, napepesa Rodel. Perlita anamuonetsa tikiti ija. Nenita anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mng'ono wanga. Nanay apita kale, anawo ali moyo. Ine bambo anga ndinawaika pafoni ya pakhoma, yopanda ndi chithunzi chomwe. Sindikuti sizipweteka. Mpaka lero zimandipweteka."

Perlita anayang'ana pafonipo mwana wake wamkazi akugawira anamalira khofi, atatalika kuposa mmene ankamukumbukira, atavala bulauzi imene iyeyo anaisiya m'kabati.

"Kuya Rodel," anatero, kumutchula mwaulemu wa mlongo wamkulu, "musandidikire. Aikeni."

Rodel sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoyandikiza foni pagalasi la bokosi. Okonza thupi anali atawapaka Nanay milomo yofiira kwambiri, munthu amene moyo wake wonse sanadzolepo zoterozo. Perlita anafuna kunena kuti wina apukute, koma netiweki inadula, nkhope ya Nanay n'kuuma pafonipo kenako n'kuzima.

Mawindo a galimoto anali atachita nkhungu. Kenako Nenita anamanga lamba, n'kunena kuti apite kaye pamalo omwetsera mafuta akamwe khofi.

"Pafoni kapena ayi, wachoka pamaliro iwe. Pagpag, mwana iwe, waiwala? Munthu sapita molunjika kunyumba. Timakhota kaye kwina kuti mzimu usokere, usatilondole."

Mwambowo Perlita anali asanauphwanyepo. Nanay eni ake ankawakokera iye ndi Rodel m'kagolosale pochoka pamaliro, olo kukagula siwiti imodzi yokha.

"Lero sindikhota, Ate," anatero Perlita, kumutchula mwaulemu wa mkulu wake.

"Wapenga kodi? Akutsata mpaka kuchipinda."

"Anditsate, Ate. Iwowo palibe amene awafunse viza."

Nenita anamasula lamba uja, namupsompsona pamphumi, natsika.

Perlita anayendetsa pang'onopang'ono, akuyatsa indiketa pagulaye aliyense ngakhale msewu unali wopanda galimoto ina. Atafika pakanyumba kake ka lendi, kamene chifikireni sikanalandirepo m'bale, anatsegula chitseko n'kuima pambali atachigwira. Mphepo yozizira inkalowa, iye osatseka.